Mphongo m'Kantemba ka Malata

Tisiponji timeneti ndinabwera nato ndine, wina asadzanene kuti ba Fainess anachita kutifuna okha. Ndinatinyamula m'kabokosi kumbuyo kwa njinga yamoto, kuchoka pa boma pa Rufunsa mpaka kumudzi kwawo kuseri kwa Mpanshya, ndikudzimva ngati ndawatengera mvula. Dzina langa ndine Prudence, mlangizi wa ziweto. Ndinakulira ku Lusaka, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditatha zaka ziwiri zokha kuno, mutu wodzaza ndi zam'mabuku.

Ba Fainess anali ndi nkhosa zazikazi khumi ndi mphongo imodzi, za michira yamafuta, mtundu umene atate awo anabwera nawo kuchokera ku Petauke. Mwana analibe. Zaka makumi awiri ndi zisanu ali pabanja ndi ba Gershom, sanamvepo munthu akuwaitana kuti amake uje, kupatula amayi a pamjigo amene ankawatchula kuti amake Nkhosa n'kumaseka cham'mbali. Chimene chinkandinyansa kwambiri n'chakuti mimba ya ba Fainess inali yotupa ngati ya miyezi isanu ndi iwiri, chaka chachitatu tsopano, ndiye amayi omwewo ankafunsana ngati mwanayo adzatuluke ali ndi ndevu. Munalibe mwana m'menemo. Munali chotupa cha m'chiberekero, chimene chinkawatayitsa magazi mwezi ndi mwezi mpaka zikhatho zawo kuchita kuyera.

Chotupacho chinkafunika opareshoni. Madokotala odziwa ntchito imeneyo ankabwera kuchipatala cha mishoni kamodzi pachaka, sabata lomaliza la Epulo, kufika Lolemba n'kuchoka Lachisanu. Chaka chapitacho ba Fainess anapitadi. Ba Gershom anapita nawo kukawadikirira, pakuti wodwala amafunika wom'phikira ndi wom'chapira, ndipo wina panalibe. Nkhosa anasiyira ba Peter oyandikana nawo. Tsiku lachiwiri, akuwapatsa magazi, kunabwera uthenga woti nkhosa zitatu zaswera kutchire ndipo agalu adya ana onse pamodzi ndi make mmodzi. Ba Fainess anadikira botolo lithe, anamanga chitenje, n'kuuyamba wa kumudzi wapansi.

Nditamva nkhaniyi ndinawakalipira ngati ndine ndinawabala. Iwo anati, "Ba Madamu, nkhosa izi zibala pamene zafunira. Ina Janyuwale, ina Epulo, ina Juni. Manje ine nizachokapo liti?"

"Nanga nikazichita kuti zonse zibale sabata imodzi?" ndinawafunsa.

"Muzazipatsa deti monga ku khoti?"

Anaseka, koma ine ndinali nditatulutsa kale kabuku kanga. Ndinawafotokozera kuti bungwe lina lothandiza alimi latipatsa tisiponji ta mankhwala a mahomoni. Kasiponji kamodzi umakalowetsa kunjira yoberekera ya nkhosa yaikazi, kachingwe kake kali panja, ndipo kamakhala m'menemo masiku khumi ndi anayi. Masiku onsewo nkhosa siifuna mphongo. Ukakasolola n'kuibaya jakisoni, pakangopita masiku awiri zonse zimafuna mphongo nthawi imodzi. Zikatenga bere tsiku limodzi, zimaswanso sabata limodzi, miyezi isanu ikakwana.

Tinawerengera pa kalendala ya kutchalitchi imene inali pakhoma. Kuika pa 10 Okutobala, kusolola pa 24, tsiku la Ufulu, mphongo kulowa pa 26. Ana akanabwera kumapeto kwa Malichi, msipu uli wobiriwira, ndipo madokotala akamafika anawo akanakhala ndi mwezi wathunthu, othamanga kale, oti ngakhale ba Peter sangalephere kuwasunga. Ba Gershom anamvetsera zonsezi atakhala pampando wa ndalema, chipewa chili pabondo. Anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, wokonda mkazi wake mochititsa manyazi anzake. Ankawatungira madzi dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona.

"Ine nichite chani?" anafunsa.

Ndinawapatsa ntchito ziwiri. Yoyamba, zazikazi azizipatsa gaga ndi masamba a nshawa ouma kuti zinenepeko. Yachiwiri inali ya mphongo, imene iwo ankaitcha Sajeni. Inkayenera kuchoka pakati pa zazikazi mwezi wathunthu, kuti isakwere ina nthawi isanakwane, komanso kuti podzabwerera idzakhale ndi changu.

"Muichotse kutali, ba Gershom. Zisaione, zisamve na fungo yake."

"Zamveka, ba Madamu."

Sanafunse kuti aiike kuti. Inenso sindinafunse kuti aiika kuti. Mwezi wonsewo, ndikabwera n'kufunsa za Sajeni, yankho linali limodzimodzi, lakuti ali bwino, akudya, akumwa, ndipo wakuba sangamufike. Ine ndinkangogwedeza mutu n'kulunjika kukhola la zazikazi, kumene kunali tisiponji tanga.

Tsiku lolowetsa mphongo tinasakaniza dothi la katondo ndi saladi, mafuta ophikira aja, n'kuipaka pachifuwa, kuti iliyonse imene yakwera itsale ndi chizindikiro chofiira kumbuyo. Sajeni anali ataondako, koma ntchito anaigwira. Pofika tsiku lachiwiri madzulo, zonse khumi zinali zofiira. Ba Gershom ankayenda ngati ndi iwo achita, ba Fainess n'kumawaseka mpaka kugwira mimba. Ndinalemba m'kabuku kuti khumi pa khumi, ndinajambula ndi foni, n'kukwera njinga yanga.

Apa ndiye pali mlandu wanga, ndipo ndiunena ndekha. Nkhosa imene sinatenge bere imafunanso mphongo pakapita masiku khumi ndi asanu ndi awiri. Ndinayenera kubwerera nthawi imeneyo n'kupaka Sajeni makala m'malo mwa katondo, kuti tione ngati pali imene yakweredwanso. Ndinkadziwa. Ndinakhozapo mayeso pa zimenezi. Koma mu Novembala kunali msonkhano ku Lusaka, wa hotelo ndi tiyi wa maola awiri aliwonse, ndipo nditabwerako mvula inali itadula njira. Ndinadziuza kuti khumi pa khumi safuna kubwereza. Sajeni anangotsala m'khola limodzi ndi zazikazi, chifuwa chili choyera, wopanda womuwerengera.

Ndinafikanso pa 20 Malichi, nditanyamula magolovesi ndi mankhwala opaka pamchombo. Ba Gershom anali atapita kuchigayo. Ba Fainess ndinawapeza ataima pakhomo la khola, ataonda nkhope, mimba yokha ili patsogolo.

"Izi sizili pafupi," anatero ndisanazimitse n'komwe njinga. "Onani mawere. Yakalibe kusika. Pasala mwezi."

Ndinatsutsa, poti ndine wa setifiketi. Ndinawaonetsa kabuku. Kenaka ndinalowa m'khola n'kuzigwira imodzi imodzi, ndipo pofika yachisanu ndinadziwa kuti akunena zoona. Bere zinali nalo zonse, koma la miyezi inayi, osati isanu.

"Sajeni anali kuti mwezi uja?" ndinafunsa.

Ananditengera kumbuyo kwa nyumba, kufupi ndi kanjira kopita kumsewu. Pamenepo panali kantemba kamene ba Gershom ankagulitsiramo mchere ndi sopo kale, asanatope ndi zoyenda ku Lusaka. Ndinali nditakadutsa kambirimbiri. Kanali ka malata okhaokha, denga ndi zipupa zomwe, kopanda zenera, kali ndi loko wamkulu pachitseko. Ba Fainess atatsegula, mpweya wotentha unandimenya kumaso, ndipo umenewu unali mwezi wa Malichi, kumwamba kuli mitambo. Pansi panali padakali manyi a nkhosa ouma ndi beseni la madzi.

Mphongo ikatenthedwa kwambiri, mbewu yake imafa. Imadya, imakwera, imaoneka yamphamvu, koma imakhala ikungoseweretsa zazikazi, ndipo mbewu yabwino imabwerera pakapita masabata asanu kapena kuposa. Ba Gershom anaitsekera m'malata amenewa mwezi wa Okutobala, kuno kufupi ndi chigwa cha Luangwa, kumene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ndinawerenga ndi zala nditaima pomwepo. Ulendo woyamba zinalephera zonse. Zinafunanso mphongo pakati pa Novembala, limodzi, monga ndinazikonzera, n'kulepheranso. Zinatenga ulendo wachitatu, kumapeto kwa Novembala. Miyezi isanu kuchokera pamenepo inkagwera ndendende sabata lomaliza la Epulo.

Ndinakwiya koopsa. Ndinanena kuti munthu wamkulu angaphike bwanji mphongo yamoyo, kuti ngakhale mwana amadziwa kutentha kwa malata, ndi zina zimene sindifuna kuzibwereza. Ba Fainess anandisiya ndimalize.

"Munawauza kuti zisaione, zisamve fungo," anatero. "Mitengo yonse ili pafupi na khola. Kutali kuli akawalala a pamsewu. Anaganiza masiku awiri, osadya bwino, ndiye anakumbukira kantemba. Enze kuitapira madzi kanayi pa siku, kuchoka ku mjigo." Anatseka chitseko n'kubwezera loko. "Musawauze."

"Afunika adziwe."

"Adziwe kuti achite nazo chani? Mwamuna uyu akamva kuti ni yeve, sazadyanso. Imwe mukambe kuti mankhwala yanu ndiye yanachedwa. Imwe muli na ku Lusaka kobwerera."

Ndinavomera, ndipo madzulo omwewo ndinawauza ba Gershom bodza limenelo ndikuwayang'ana m'maso. Anandipepesa iwo, kuti ndisadandaule, mankhwala amatero nthawi zina. Pasanathe sabata nkhani inali itafika pamjigo, ndipo ndikamadutsa amayi aja ankandifunsa ngati ndili ndi siponji yotsukira mbale, poti yankhosa yakanika. Zimenezo sizinandipweteke kwenikweni. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi, kuti ba Fainess akagone pabedi la opareshoni. Ndinawalonjeza kuti sabata limenelo ndidzakhala pakhomo pawo ineyo, osati ba Peter, ndipo palibe mwana wa nkhosa amene adzafe. Anavomera. Nesi wa kuchipatala, ba Rhoda, anatiuza kuti wodwala afike Lolemba, akachedwetsetsa Lachiwiri, chifukwa ayenera kuyamba walandira magazi masiku awiri kapena atatu.

Yoyamba inaswa Lamulungu masana, bwinobwino, popanda wothandiza. Lolemba m'mawa chikwama chinali chomangidwa, ba Gershom atapopa njinga yawo, ine nditaliza yanga kuti ndikawatule n'kubwerera. Ba Fainess anati akangotsanzika kukhola. Anapeza ziwiri zikupalasa pansi ndi kuzungulirazungulira.

"Lekani nione izi ziwiri chabe," anatero. "Lachiwiri ikalipo."

Lachiwiri zinayamba zinayi. Apa m'pamene ndinaona chimene ndinapanga ndi manja anga. Kale, nkhosa zikuswa mwa apo ndi apo, sabata lopanda kanthu likanapezeka. Ine ndinazisonkhanitsa zonse n'kuziunjika pa masiku asanu okhawo amene mayiyu ankafunika kwina, ndipo panalibe m'mawa umodzi woti angatuluke pakhomo khola lili zii. Ndinawachonderera. Ndinawakalipira. Ndinawauza kuti nkhosa zimagulidwa pamsika koma munthu sagulidwa.

"Izi sizinagulidwe pamsika," anayankha. "Ba Madamu, imwe mwabalitsapo zingati?"

Ndinati zambiri. Zoona zake zinali zinayi, ziwiri mwa izo kukoleji, mphunzitsi ali pambali.

Masana a tsiku lomwelo nkhosa ina yaing'ono, ya bere loyamba, imene ankaitcha Tisauke, inavutika. Miyendo iwiri ya mwana inatuluka, mutu osaoneka. Ndinati mpata wanga ndi umenewu, aone okha kuti ndikhoza. Ndinavala golovesi, ndinalowetsa dzanja, ndinapeza kuti khosi lapindikira kumbuyo. Ndinayesa kulikoka, linakana. Ndinayesanso, nkhosa inalira kulira koipa, thukuta likundilowa m'maso, ba Gershom ataigwira mutu akunong'ona pemphero. Mphindi zinkapita ndipo miyendo ija inasiya kugwedera. Kenaka ndinamva dzanja paphewa. Ba Fainess anandikankhira pambali, anagwada m'ndowe ndi mimba yawo ija, anapaka sopo kumkono, anabwezera mwanayo m'kati pang'ono, n'kutembenuza mutu ndi zala ziwiri. Anatuluka ali lende. Anamupukuta mphuno, anamutikita ndi udzu mpaka anayetsemula.

Sanandinene kanthu. Anasamba m'manja, anapuma kaye atatsamira mtengo wa khola chifukwa cha chizungulire, kenaka anatenga chikwama chija pakhonde n'kuchibwezera m'nyumba. Mpaka lero ndimalakalaka akanandinyoza.

Lachitatu ba Gershom anawagwadira akazi awo pabwalo, ine ndikuona, mwamuna wa imvi zake. "Amai, tiyeni. Nipapata. Zikafa zife, nizafuna zina."

"Mailo, ba Gershom," anayankha ba Fainess, kutanthauza mawa. "Zasala ziwiri chabe."

Imodzi inaswa tsiku lomwelo. Yomaliza inachita ngati ikudziwa. Inayenda, inadya, inagona, inadzukanso, mpaka Lachinayi dzuwa likupendeka m'pamene inaswa mapasa. Lachisanu m'mamawa ndinawakweza panjinga yamoto, atandigwira m'chiuno ndi manja ozizira, ba Gershom akupalasa pambuyo pathu.

Ba Rhoda anangowatsitsa chikope n'kuyang'ana m'diso, nkhope yawo n'kugwa. Anawayeza magazi, anapita kukaitana dokotala. Dokotalayo anabweradi, anasiya zolongedza zake, anawapima mofatsa. Ananena kuti magazi ndi ochepa kwambiri, akawang'amba tsiku limenelo sadzuka, ndipo galimoto yawo inyamuka masana chifukwa odwala ena akuwadikira kwina. Anapepesa, analemba kalata yoti apite nayo ku Lusaka. Palibe amene analakwa pamenepo, ngakhale ndinafunitsitsa kupeza woti ndimukalipire. Ba Fainess anagona masiku atatu akulandira magazi, ndipo a ku Lusaka atayankha, anawapatsa tsiku la mu Novembala.

Ana anabadwa khumi ndi awiri, ndipo sanafe ndi mmodzi yemwe. Zimandiwawa kunena zimenezi, koma ana okongola chotero sindinawaonepo, ofanana msinkhu, akuthamangira limodzi pachulu m'mawa uliwonse. Ba Fainess ankakhala pamphasa n'kumawatchula maina. Miyezi imeneyo anali osangalala, sindinganame.

Novembala sanamuone. Mu Ogasiti magazi anayamba kutuluka osaleka, ndipo anamwalirira m'ngolo ya ba Peter asanafike pamsewu wa tala. Pamaliro amayi a pamjigo aja ndiwo ankaimba mokweza kuposa onse, ndipo ndinachoka pamene anali ndisanachite zamanyazi. Abale atanena kuti aphe nkhosa ziwiri za ndiwo, ba Gershom anakana kwamtuwagalu. Anthu anadya nyemba n'kumang'ung'udza.

Ndinakhala osapitako mpaka kumayambiriro kwa Okutobala. Ndinkazemba, ndivomere. Tsiku limenelo ndinali kubaya ng'ombe jakisoni m'mudzi wina wapafupi, ndipo ndinaona kuti kudutsa osalonjera kukhala kupanda ulemu. Kunali kotentha moti mpando wa njinga unkaotcha. Ba Gershom ndinawapeza pakanjira kaja, akukoka Sajeni pachingwe, m'dzanja lina muli kiyi.

"Mwabwera bwino, ba Madamu," anatero. "Nenze kufuna kukutumirani mau. Mubwerese futi tuja tumasiponji. Ine sinikupatsani mlandu iyayi, mankhwala yachedwa nthawi zina. Amai anakondwera maningi kuona twana tubadwira pamodzi. Nifuna nichite monga mwamene anakondera." Analoza kantemba ndi kiyi. "Mbali yanga nayamba kale, monga munaniphunzitsira."

Ndinali nditalonjeza munthu amene tsopano ali m'manda. Ndinayesa kuzungulira. Ndinati chaka chino aimange pansi pa mtengo wa mango wa ba Peter, pamthunzi. Anati kumeneko akuba aitenga. Ndinati amange kakhola ka mitengo ndi udzu. Anati n'kuvutikiranji, poti chaka chatha inakhala muno mwezi wathunthu ndipo inatuluka yamoyo, inakwera zonse khumi, ine ndemwe ndinaona. Anali atalowetsa kale kiyi mu loko. Sajeni anakokera kumbuyo, miyendo ataikhwimitsa, ndipo ndinadziwa kuti ndikakhala chete mphongoyi iphikidwanso, ndipo chaka chamawa chimodzimodzi.

"Ba Gershom," ndinatero, "mphongo ikatenthedwa, mbewu yake imafa. Ikwera, koma sibalitsa. Ipita masabata asanu kuti ibwerere."

Milomo yawo inkagwedera, ndipo ndinazindikira kuti akuwerenga miyezi. Kenaka anandipatsa chingwe, anatsegula kantemba, analowa, n'kudzitsekera.

Ndinaima padzuwa ndi mphongo ija. Ndinawaitana kawiri, osayankha. Malata ankalira okha ndi kutentha. Sindidziwa kuti panapita mphindi zingati, mwina khumi, mwina kuposa, koma atatuluka malaya anali atamatirira pathupi, thukuta likutsika m'chibwano, maso ali psuu.

"Amai anadziwa?" anafunsa.

"Anadziwa."

"Kuchokera liti?"

"Malichi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana kukhola, kumene ana khumi ndi awiri aja, akuluakulu tsopano, anali atagona pamthunzi. Anayang'ana beseni limene anali atalitsuka kale n'kuliika pakhomo la kantemba, lodzaza madzi.

"Nenze kuitapira kanayi pa siku," anatero, osati kwa ine. "Kanayi, ba Madamu. Sininaphonyeko olo siku imodzi."